KODI CHIGONGONO CHILI NDI KWAWO?

Munthu akafika pachipatala cha boma, asanaonane ndi dokotala, amayamba wayankha mafunso a kalaliki. Dzina lanu ndani? Muli ndi zaka zingati? Mumakhala kuti? Nanga kwanu n'kuti, m'mudzi mwa yani, mfumu yaikulu ndani, boma liti? Mumagwira ntchito yanji? Odwala ambiri amangoyankha mwachizolowezi poti mtima wawo umakhala uli pa ululu umene wawalawiritsa m'mamawa. Komabe alipo ena amene amadzifunsa chamumtima kuti, "Chikundipweteka ine ndi mkono, nanga za mfumuzi zalowa bwanji?" Kudabwa kotereku si kwa munthu wopusa ayi. Kuseli kwake kuli funso limene lazunguza mitu ya madokotala ndi akatswiri a kafukufuku m'maiko ambiri. Funsolo ndi ili: kodi n'koyenera kuti anthu ofufuza za matenda ndi machiritso ake azilemba ndi kufalitsa za moyo wa odwala awo, monga kumene amakhala, ntchito yawo, maphunziro awo, kapezedwe kawo ndi mtundu wawo? Kapena kodi chilungamo chenicheni n'kutsinzina pa zonsezi n'kumangoyang'ana bala lokha?

Funso lalikulu chotere limamveka bwino likayesedwa pa chiwalo chimodzi, ndipo chiwalo choyenera pankhaniyi ndi chigongono. Pachigongono pamakumana mafupa atatu: limodzi lochokera kuphewa ndi awiri otsikira kudzanja. Mafupawa adamangidwa pamodzi ndi timitsempha tolimba ngati luzi, timene timalola mkono kupinda ndi kutambasuka koma timauletsa kukhotera kumbali. Kamtsempha ka mbali yam'kati, yoyang'ana kunthiti, ndiko kamalandira mphamvu yonse munthu akamaponya chinthu modutsitsa dzanja pamwamba pa phewa. Munthu akamaponya molimba tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, kamtsemphaka kamayamba kuperepeseka monga chimachitira chingwe cha pachitsime, ndipo tsiku lina kamaduka.

Vutoli n'lodziwika kwambiri ku America pakati pa osewera mpira wa baseball. Pamasewerawa munthu mmodzi amaponya kampira kolimba, kawirikawiri paliwiro loposa makilomita 140 pa ola, ndipo mnzake amakamenya ndi chibonga. Kale wosewera akaduka kamtsemphaka, ntchito yake inkathera pomwepo. Zinthu zidasintha m'chaka cha 1974 pamene dokotala wina wa mumzinda wa Los Angeles, Frank Jobe, adachita opaleshoni imene idali isanachitikepo pa wosewera wamanzere wotchedwa Tommy John. Dokotalayu adachotsa mtsempha wina kumkono wamanja wa wodwalayo, naboola timabowo m'mafupa a chigongono chamanzere, nkupisa mtsemphawo m'timabowomo kuti ulowe m'malo mwa uja udadukawu. Iye mwini sadali ndi chikhulupiriro chachikulu choti zitheka. Koma Tommy John adabwerera m'bwalo mu 1976 ndipo adasewera mpaka 1989, ali ndi zaka 46. Kuyambira pamenepo opaleshoniyi imadziwika ndi dzina la wodwala woyambayo, ndipo yachitika pa anthu miyandamiyanda.

Madokotala akachita opaleshoni pa odwala ambiri, amalemba malipoti ndi kuwasindikiza m'magazini a zachipatala kuti anzawo a m'maiko ena aphunzirepo. Malipoti a opaleshoni ya chigongonoyi ndi ochuluka, ndipo ambiri amagwirizana pa mfundo yoti mwa osewera khumi alionse, pafupifupi asanu ndi atatu amabwereranso m'bwalo. Malipotiwa amafotokoza mwatsatanetsatane za msinkhu wa odwala, mkono umene udavulala, mtsempha umene adagwiritsa ntchito, kasokedwe kake ndi miyezi imene idapita wosewera asanayambenso kuponya. Koma anthu amene akhala akusanthula malipoti a opaleshoni za mafupa amadandaula kuti pa zinthu zina malipotiwa amakhala duu. Si kawirikawiri kupezamo kuti odwalawo adali a mtundu wanji, adachokera m'mabanja opeza bwino kapena osauka, adaphunzira mpaka pati, ndiponso kuti adawalipirira ndani.

Wina angafunse kuti, nanga zimenezi zikukhudzana bwanji ndi mpeni wa dokotala? Yankho lake lili pa zimene zimachitika wodwala akatuluka m'chipinda cha opaleshoni. Opaleshoni yeniyeniyo imangotenga maola ochepa, koma kuti mkono ubwerere mwakale pamafunika chaka chathunthu, mwinanso chaka ndi theka, cha mafizo, ndiye kuti masewera olimbitsa chiwalo chovulala motsogozedwa ndi katswiri. Wosewera wa timu yolemera amalandirabe malipiro ake pamiyezi yonseyi, amadya bwino, ndipo amakhala ndi omuyang'anira tsiku lililonse. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2015 adapeza kuti oposa theka la amene adachitidwa opaleshoniyi ku America pakati pa 2007 ndi 2011 adali achinyamata a zaka 15 mpaka 19, koma chiwerengerochi chidatengedwa m'kaundula wa anthu okhala ndi inshuwalansi yodzilipirira. Mnyamata amene makolo ake adalephera kulipira, nangosiya masewera mwakachetechete, sadawerengedwe n'komwe. Chomwecho mawu oti "asanu ndi atatu mwa khumi" ndi oona, koma ndi oona pa anthu ati? Lipoti limene siliyankha funso limeneli limafanana ndi kandimverere uja adakanena za m'maluwa.

Ku Malawi mpira wa baseball siwodziwika, koma zigongono zovulala n'zosasowa. Nyengo ya mango ikafika, ana ambiri amagwa m'mitengo, ndipo poti munthu akamagwa amatsogoza manja, fupa limathyoka pamwamba penipeni pa chigongono. Akabaza ndi okwera awo amagwa m'misewu, amisiri omanga nyumba amatsetsereka pamakwerero, ndipo atsikana amaguluka mikono m'mabwalo a mpira wamanja. Kuyambira 1985 dziko lino lakhala likuphunzitsa achipatala othandizira madokotala pa ntchito ya mafupa, ndondomeko imene adaiyambitsa Dr Ed Blair, ndipo anthu amenewa ndiwo amawongola mafupa ndi kuika zikhakha m'zipatala za m'maboma. Ovulala kwambiri a m'chigawo chapakati amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital, chipatala chimene chidatsegulidwa mu 1977, patangotha zaka ziwiri likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Mu 2023 pambali pa chipatalachi padatsegulidwanso china cha mafupa ndi ubongo, Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery, chimene anthu amangochitchula kuti LION. Kumene kwachuluka opaleshoni, kafukufuku nayenso amachuluka. Motero funso lija si la ku America kokha.

Mzinda wa Lilongwe udakonzedwa m'njira yoti munthu ukangomva nambala ya dera, wadziwa kale zambiri za okhalamo. Ku Area 12, monganso ku Area 10 ndi ku Area 43, kuli nyumba zikuluzikulu za m'mipanda, mitengo ya mthunzi ndi magalimoto pakhomo. Chapafupi pomwepo pali mudzi wa Kauma, kumene nyumba zidathithikana ndipo kumachokera ambiri mwa alonda, ophika ndi osamala maluwa a kumayadiko. Munthu angathe kuyerekeza ana awiri a zaka zofanana, wina wa ku Area 12, wina wa kwa Kauma, onse atathyoka chigongono tsiku limodzi. Woyambayo amunyamula pagalimoto ndipo pakangotha mphindi zochepa wafika kuchipatala. Wachiwiriyo mwina ayamba amuthowa ndi madzi otentha, kudikira kuti bambo ake aweruke, kenaka kufunafuna yokwerera mawa lake. Onse awiri angathe kuchitidwa opaleshoni ndi dokotala mmodzi, mwaluso lofanana, mopanda tsankho lililonse. Koma likafika tsiku lokaonetsanso mkono, woyambayo sadzajomba, pamene mayi wa wachiwiriyo adzayenera kusankha pakati pa kupita kuchipatala ndi kukagwira ganyu yoti banja lidye tsiku limenelo. Nanga mwana wa ku Mchinji, mtunda woposa makilomita 100, zake zidzatha bwanji? Chigongono chimene sichinalimbitsidwe panthawi yake chimauma, ndipo mwiniwake amavutika ngakhale kufikitsa mbamu pakamwa.

Ngakhale zili choncho, anthu amene amakana kuti ofufuza azilemba za moyo wa odwala ali ndi mfundo zolemera, ndipo n'kulakwa kuzikankhira kumbali osazimva. Mfundo yawo yoyamba ndi ya ufulu wofanana. Iwo amati thupi la munthu ndi limodzi: fupa la mwana wa nduna ndi la mwana wa mlonda amalumikizika m'njira imodzi, magazi awo ndi ofiira chimodzimodzi. Ulemerero wa ntchito ya udokotala wagona pakuti dokotala sayang'ana nkhope kapena thumba. Tsono ngati ofufuza ayamba kugawa odwala m'magulu a olemera ndi osauka, ophunzira ndi osaphunzira, a mtundu uwu ndi a mtundu uwo, kodi sakubwezeretsa m'chipatala mipanda yomwe ija anthu adavutika kuigwetsa?

Mfundo yachiwiri ndi ya mbiri, ndipo imeneyi njowawa. M'nthawi ya atsamunda, Lilongwe idali ndi zipatala ziwiri: cha kumtunda cha azungu ndi cha kumunsi cha anthu akuda. N'chifukwa chake chipatala cha Bwaila, ku Old Town, chinkadziwika ndi dzina loti Bottom kwa zaka zambiri, ndipo achikulire ena amachitchulabe choncho. Pamenepo khungu la munthu ndilo linkamusankhira bedi. Dziko litalandira ufulu, funso loti "kwanu n'kuti" silidasiye kuluma. Mu 1989 boma la nthawi imeneyo lidalamula kuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo zakwawo, ndipo ambiri, makamaka ochokera kumpoto, adasamutsidwa pamodzi ndi mabanja awo kaamba ka mzere umodzi wa m'mafailo awo. Ku Rwanda mu 1994 ziphaso zolembedwa mtundu wa munthu zidasanduka chilolezo cha imfa m'malo otchingira misewu. Munthu amene akudziwa zinthu zimenezi sangadzudzulidwe akamazengereza kuuza mlendo wonyamula cholembera za mtundu wake.

Nawonso kafukufuku wa zachipatala ali ndi mabala ake. Kuyambira 1932 mpaka 1972, nthambi ya zaumoyo ya boma la America idachita kafukufuku ku Tuskegee, m'chigawo cha Alabama, pa amuna akuda 600, mwa iwo 399 odwala chindoko. Amunawa sadauzidwe dzina lenileni la matenda awo, ndipo ngakhale mankhwala a penisilini atapezeka, sadapatsidwe, chifukwa ofufuzawo ankafuna kuona m'mene matendawo amaonongera thupi mpaka imfa. Ofufuza amenewa ankadziwa bwino lomwe za moyo wa anthuwo. Ankadziwa kuti adali alimi osauka, ambiri osadziwa kuwerenga, opanda kodandaula, ndipo n'chifukwa chake adawasankha. Pulezidenti wa dzikolo adapepesa mu 1997, ambiri a iwo atamwalira kale. Nkhani imeneyi imaphunzitsa kuti kudziwa za umphawi wa munthu kungathe kukhala chida chomupwetekera.

Mfundo yachitatu ndi yoti chiwerengero chimatha kunamizira osalakwa. Lipoti likanena kuti odwala a dera lakutilakuti sachira bwino, wowerenga waulesi angathe kuganiza kuti anthu a kumeneko ndi osamvera malangizo, kapena kuti matupi awo ndi ena. Ku America, mpaka chaka cha 2021, njira yowerengetsera mphamvu ya impso inkasintha yankho wodwala akakhala wakuda, zimene zinkaonetsa impso zake ngati zabwinopo kusiyana ndi m'mene zidalili. Zotsatira zake zidali zoti anthu ena akuda ankachedwa kuikidwa pamndandanda wa oyembekezera impso zatsopano. Apa mtundu wa munthu udalembedwa, koma kulembedwako kudamubweretsera tsoka.

Mfundo zitatu zonsezi n'zoona. Komabe munthu akaziyang'anitsitsa aona kuti zikudzudzula kagwiritsidwe ntchito koipa ka chidziwitso, ndipo palibe imodzi mwa izo imene ikutsimikiza kuti kusadziwa kumateteza wosauka. Kunena zoona, kusalemba kumapweteka anthu omwewo amene akuti akuwatchinjiriza. Ana awiri aja akalowa m'lipoti limodzi lopanda mawu alionse a kumene adachokera, lipotilo lidzati theka la odwala lidachira bwino ndipo theka lina lidauma mikono. Madokotala adzayamba kukayikira kasokedwe kawo, adzasintha zitsulo ndi ulusi, pamene vuto lenileni lili pa ndalama ya minibasi. Kusiyana kumene sikudalembedwe sikuchoka, kumangobisala. Akuluakulu adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Woweruza mpikisano amene akukana kuyang'ana pamene aliyense adayambira, n'kumati akuchita zimenezo pofuna chilungamo, ndiye kuti wakondera kale amene adayambira kutsogolo.

Pali zitsanzo zooneka ndi maso za zimene zimachitika anthu ena akasowa m'kafukufuku. Mu 1977 bungwe loona za mankhwala ku America lidalangiza kuti amayi a msinkhu wobereka asamalowe m'magawo oyambirira oyesera mankhwala atsopano. Cholinga chidali chabwino, chofuna kuteteza ana osabadwa, koma mapeto ake adali oti kwa zaka zambiri amayi ankamwa mankhwala pamilingo imene idayesedwa makamaka pa abambo. Padafunika lamulo la mu 1993 kuti kafukufuku wolipiridwa ndi boma la dzikolo aziphatikizamo amayi ndi anthu a mitundu yochepa. Chitsanzo china ndi kachipangizo kaja amapanitsa pachala poyeza mpweya wa m'magazi, kamene Amalawi ambiri adakadziwa panthawi ya mliri wa Covid-19. Mu 2020 ofufuza a ku yunivesite ya Michigan adapeza kuti kachipangizoka kamalephera kuonetsa kuchepa kwa mpweya mwa odwala akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Akadapanda kulemba khungu la odwala awo, vutoli sakadalitulukira, ndipo dziko la anthu akuda okhaokha ngati Malawi likadapitiriza kukhulupirira kachipangizoka mopanda chenjezo. Safunsa adadya phula.

Ku Lilongwe komweko kuli umboni woti kufunsa kumapindula. Kuyambira 2008, chipatala cha Kamuzu Central, mothandizana ndi yunivesite ya North Carolina ya ku America, chakhala chikusunga kaundula wa anthu ovulala. Alembi amalemba msinkhu wa wovulalayo, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ntchito yake, chimene chamuvulaza, kumene wavulalira ndi m'mene wafikira kuchipatala. Kaundula wotere ndiye amathandiza kuonetsa kuti ngozi za pamsewu zimagwera kwambiri amuna achinyamata, kuti ana aang'ono ndiwo amapsa kwambiri ndi moto ndi madzi otentha, ndiponso kuti ovulala ambiri amafika pagalimoto wamba osati pa ambulansi. Mfundo zoterezi sizichiritsa munthu mmodzi, koma zimauza boma poyenera kuika zitumbira za pamsewu, kumene kukufunika katswiri wa mafizo, ndi boma limene likusowa galimoto yonyamula odwala. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, 84 amakhala kumidzi. Kafukufuku amene adzachitikira mumzinda, pa anthu okhawo amene adakwanitsa kubweranso kudzaonetsa mabala awo, osanena kuti anthuwo adali otani, adzakhala akulankhula za anthu ochepa m'dzina la mtundu wonse.

Tsono mfundo ziwiri zija, yoti dokotala asayang'ane nkhope ndi yoti wofufuza alembe za moyo wa wodwala, zingagwirizane bwanji? Zimagwirizana munthu akazindikira kuti kuchiza ndi kuwerenga ndi ntchito ziwiri zosiyana. Pochiza, dokotala amayang'anizana ndi munthu mmodzi, ndipo ayenera kumupatsa luso lake lonse mosasamala kuti wavala suti kapena sanza. Powerenga, wofufuza amayang'ana khamu, ndipo funso lake ndi loti kodi lonjezo lija la kuchiza mofanana likukwaniritsidwa? Palibe njira ina yodziwira ngati chipatala chikutumikira osauka ndi olemera mofanana koma kuwerenga osauka ndi olemerawo padera n'kufananiza. Mphunzitsi wabwino amachonga mayeso osayang'ana dzina, koma akatha kuchonga amakhala pansi kuti aone ngati amene akulephera ndi ana oyenda mtunda wautali kapena obwera osadya. Pochonga amatsinzina, posanthula amapenya, ndipo zonse ziwiri amazichita chifukwa cha chilungamo chimodzi.

Koma chilolezo chofunsa chili ndi malire ake, ndipo malire oyamba ndi kuvomera kwa mwini nkhani. Malamulo oyendetsera dziko lino a mu 1994, pa gawo 19, amaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala kapena wa sayansi pa munthu popanda chilolezo chake, ndipo gawo 21 limateteza chinsinsi cha munthu aliyense. Mfundo yomweyi idalembedwa kale m'malamulo a ku Nuremberg a mu 1947, dziko lapansi litaona nkhanza za madokotala a chipani cha Nazi, ndiponso m'chikalata cha ku Helsinki cha mu 1964. Ku Malawi kafukufuku wa zaumoyo amayamba waunikidwa ndi makomiti monga National Health Sciences Research Committee. Komabe chidindo cha chala papepala sichikwanira. Munthu amene ali pa ululu, amene akuopa kuti akakana samuthandiza, sanavomere mwaufulu. Ayenera kuuzidwa m'chinenero chake chifukwa chimene akumufunsira za kapezedwe kake, ndi kutsimikiziridwa kuti ngakhale atakana kuyankha, mkono wake ausamala chimodzimodzi.

Malire achiwiri ndi oti wofufuza afunse chinthu chenicheni chimene chimabweretsa kusiyana, asakhutire ndi chizindikiro chake. Mtundu wa munthu, kaya ndi Mchewa, Myao, Mtumbuka, Mlomwe kapena Msena, sulumikiza fupa ndipo sulichedwetsa. Chimene chimachedwetsa ndi mtunda, njala, ntchito yolemetsa imene munthu amaibwerera mkono usanapole, ndi kusamva chinenero chimene malangizo aperekedwera. Ngakhale dera lokhala limatha kunamiza. Wosamala maluwa amene amagona m'kanyumba ka antchito kuseli kwa nyumba yaikulu ku Area 12, akafunsidwa kumene amakhala adzayankha moona kuti ku Area 12, ndipo kaundula adzamuika gulu limodzi ndi bwana wake. Wofufuza wanzeru adzapitirira pamenepo nafunsa kuti: mwafika bwanji kuno, mwalipira zingati, ndani akusamalirani kunyumba, ndipo mukapanda kugwira ntchito mwezi uno mudya chiyani? Mafunso oterewa ndi ovuta kufunsa ndiponso ochititsa manyazi kuyankha, koma ndiwo amafika pagwero la vuto, ndipo mayankho ake amaloza zinthu zimene anthu angathe kuzikonza.

Malire achitatu ndi kusunga chinsinsi. Chimene dziko likufuna kudziwa ndi chakuti odwala angati adali osauka, osati kuti wosaukayo ndi yani. Maina ayenera kuchotsedwa, ndipo pamene gulu lachepa kwambiri moti munthu angathe kuzindikirika, ofufuza aliphatikize ndi lina. Masiku ano, pamene makaundula ambiri ali m'makompyuta ndipo nkhani imafika kutali m'kamphindi, kalaliki wa pakamwa kapena wosasamala angathe kuononga chikhulupiriro chimene chidamangidwa kwa zaka zambiri.

Malire achinayi, amene kawirikawiri amaiwalika, ndi oti phindu libwerere kwa eni mayankho. Si bwino kuti anthu a kwa Kauma, ku Mtandire kapena ku Chinsapo aziulula za umphawi wawo chaka ndi chaka, mayankho awo n'kumakathera m'magazini a kunja amene iwo sadzawaona, ofufuza n'kumakwezedwa pantchito, koma kwawoko osasintha kanthu. Zikatero ndiye kuti wakwanira mwambi uja wakuti wopusa adaomba ng'oma, wochenjera navina. Amene wafunsa munthu za njala yake wadzisenzetsa ngongole. Ngati kafukufuku waonetsa kuti odwala akutali sabweranso, ofufuza ali ndi udindo wokauza a unduna wa zaumoyo, makhansala ndi mafumu, mpaka papezeke njira yofikitsira mafizo kufupi ndi anthu. Kufunsa kopanda cholinga chothandiza ndi kusuzumira chabe m'nyumba ya mwini.

Pomaliza, funso lija loti kodi chigongono chili ndi kwawo lili ndi yankho la mbali ziwiri. Pansi pa mpeni wa dokotala chigongono chilibe mudzi, chilibe mfumu, chilibe mtundu. Koma chigongono sichipita chokha kuchipatala. Chimapita ndi mwini wake, amene akatuluka amabwerera kunyumba ya mpanda kapena ya lendi, kuofesi kapena kumunda, ndipo kuchira kwenikweni kumachitikira kumeneko. Lipoti limene lifotokoza za mtsempha mwaluso koma osanena kanthu za mwini mtsemphawo langonena theka la choonadi, ndipo theka losiyidwalo nthawi zambiri limakhala la anthu opanda mawu. Achinyamata amene ali m'sukulu za sekondale lero ndiwo adzakhale madokotala, anamwino, alembi a makaundula ndi aphungu opanga malamulo. Ena adzakhala mbali yofunsa, ena mbali yoyankha, ndipo ambiri adzalawa mbali zonse ziwiri, poti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Akadzagwira cholembera, adzakumbukire kuti funso lomwelo loti "kwanu n'kuti" lidasamutsapo mabanja ndi kuphetsa anthu, komanso ndi lomwe lingathe kuonetsa boma mwana amene mkono wake ukuuma chifukwa chosowa yokwerera. Chosiyanitsa ndi mtima wa wofunsayo ndi chimene adzachite ndi yankholo.